Bokosi la Chemistry ya matiriki ku Rosettenville: zomwe tagula, zomwe zalakwika ndi momwe takonzera

15 Juni

Sukulu zitatsekedwa, mlongo wanga anafika kuchipinda kwanga usiku ali ndi lipoti la mwana wake m'manja. Mtsikanayu ali mu Grade 12, chaka chotsiriza cha sekondale chomwe kuno amati matiriki, pasukulu ina ya boma kuno kummwera kwa Johannesburg, ndipo pepala la Chemistry wapeza 34 pa 100. Mayi ake sanatalikitse nkhani: "Achimwene, inu Physical Science munakhoza kumudzi. Muthandizeni mwanayu." N'zoona ndinakhoza pa MSCE ku Zomba, koma ndi kale, ndipo panopa ntchito yanga ndi yokonza zamagetsi m'nyumba za anthu. Ndavomera chifukwa mphunzitsi wapadera sitingamukwanitse.

Kwa amene muli kumudzi: kuno phunziroli limatchedwa Physical Sciences ndipo lili ndi mapepala awiri. Paper 1 ndi Physics, Paper 2 ndi Chemistry. Lililonse ndi la malikisi 150 ndipo limalembedwa maola atatu. Mayeso otsiriza amatenga magawo 75 pa 100 a malikisi a chaka, otsalawo ndi ntchito ya kusukulu. Tili ndi miyezi pafupifupi isanu. Thumba lathu ndi R1 200: mlongo wanga waika R500, zotsalazo ndi zanga. Tikufuna kumanga bokosi limodzi lokhala ndi zonse zokonzekera Paper 2, kuti akamaliza iyeyu lipite kwa mwana wina.

22 Juni

Ndalakwitsa poyambira penipeni. Ndinatenga pa intaneti, patsamba la Department of Basic Education, mapepala a Novembala kuyambira 2018 mpaka 2023, n'kupita nawo kushopu yosindikiza pafupi ndi pokwerera matakisi. R1 patsamba, mbali imodzi yokha. Ndinalipira R118 n'kutuluka ndi mulu. Nditafika kunyumba mtsikana anafunsa, "Amalume, nanga ma memo ali kuti?" Mayankho aboma aja ndinawasiya, poganiza kuti ndizichonga ndekha. Titayesa funso limodzi ndinaona kuti sindingathe. Yankho langa linali lolondola, koma sindinkadziwa kuti chongi iliyonse imagwera pamzere uti.

Ndinabwereranso. Ma memo ndi aatali chifukwa amalembedwa m'Chingerezi ndi Afrikaans pamodzi, choncho ndinapempha kuti aike masamba awiri pambali iliyonse, kutsogolo ndi kumbuyo. Zilembo zachepa koma zikuwerengeka. R64 ina yapita. Amene mukuyamba, pemphani zimenezi kuyambira pachiyambi, mapepala ndi ma memo omwe, mudzapulumutsa pafupifupi theka.

Mabuku sitinagule. La Siyavula la Grade 12 ndi la Mind the Gap la Chemistry onse ndi aulere, ndawaika mufoni yakale yomwe inkangokhala m'dirowa. Ilibe SIM, ndipo ndachita dala.

29 Juni

Bolodi. Ndinapeza chidutswa cha hardboard pamalo ena pomwe ndinkagwira ntchito, ndinagula kachitini ka penti yakuda ya bolodi R75 n'kupaka mbali yosalala osakwecha. Patatha masiku atatu penti inayamba kusupuka ngati khungu la njoka, choko chikangodutsa. Ndalama yatayika imeneyo. Mnzanga wopala matabwa wa ku Mangochi anandipatsa chotsala cha melamine yoyera, pafupifupi mita imodzi m'litali, ndipo mapeni a bolodi awiri ndinagula R38. Ndaikhomera kukhoma ndi masikuluwu anayi ndipo ikugwira bwino ntchito.

Tsiku lachiwiri mwana wamng'ono wa m'nyumba analembapo ndi peni yosafufutika. Madzi ndi sopo zinakanika, koma sipiriti wofiirira uja anachotsa kamodzi kokha. Ndinagwiritsa ntchito mpata umenewu kufunsa mtsikana chifukwa chake, ndipo tinakhala theka la ola pa nkhani ya mphamvu zokokana pakati pa mamolekyu, London forces, dipole-dipole ndi hydrogen bonds. Inki imeneyo sigwirizana ndi madzi koma imasungunuka mu alcohol. Ndinaona kuti akaona chinthu ndi maso amafunsa mafunso, pomwe akamawerenga buku amangogwedeza mutu.

Kuzizira kwa Juni kuno si kwamasewera. Tikuphunzira titafunda mabulangete, ndipo ndagula nyale yotchaja R140 chifukwa magetsi a mumsewu mwathu azima kawiri sabata ino.

13 Julayi

Masabata awiri atayika, ndipo cholakwa ndi changa. Ndinayambira pepala la 2018, ndinaona funso lotsiriza la feteleza, Haber process, Ostwald process, ma NPK, ndipo mtima unakondwa chifukwa zimenezi ndimazidziwa kuchokera kumunda. Tinazipanga mpaka mtsikana anaziloweza. Sukulu zitatsegulidwa anakafunsa aphunzitsi ake, ndipo anamuuza kuti mutu umenewu sulinso m'mayeso. Ndinatsegula mapepala a 2021, 2022 ndi 2023, ndipo n'zoona, funso la feteleza mulibe. Chikalata chomwe ndinayenera kuyambira nacho ndi Examination Guidelines cha 2021, chimene chimandandalika zomwe zimafunsidwa pamodzi ndi matanthauzo a mawu momwe ochonga amawafunira. Ndachisindikiza, gawo la Chemistry lokha, R14.

Nditayala mapepala atatu atsopanowo pansi ndinaona kuti amayenda njira imodzi. Funso 1 ndi losankha, mafunso khumi, malikisi 20. Funso 2 mpaka 4 ndi organic. Funso 5 ndi liwiro la reaction, 6 ndi equilibrium, 7 ndi ma acid ndi ma base, 8 ndi galvanic cell, 9 ndi electrolytic cell. Ndiye tinatenga sizasi n'kudula mapepala onse funso ndi funso, n'kumanga a mutu umodzi pamodzi m'mafayilo apulasitiki, R6 iliyonse, asanu ndi awiri. Tasunga osadula mapepala a 2022 ndi 2023 kuti tidzalembe athunthu ndi wotchi. Mwana akapanga ma funso 6 anayi motsatizana amayamba kuona yekha kuti chaka chilichonse nyimbo ndi yomweyo, manambala okha ndiwo amasintha.

Anyamata awiri a kutchalitchi kwathu ku Turffontein, onse a Grade 12, ayamba kubwera Loweruka masana. Makolo awo aika R100 aliyense m'thumba.

27 Julayi

Organic. Vuto loyamba linali loti onse atatu sankaona kusiyana kwa butane ndi 2-methylpropane, akuti zonse ndi C4H10 basi. Zoumbira mamolekyu za m'sitolo ndi zodula, ndiye tinakanda ufa wa buledi ndi mchere n'kupanga timipira, machesi n'kukhala ma bond. Tinasiya pawindo kuti tiume. M'mawa theka linali litang'aluka ndipo nyerere zinali zitapezapo phwando. Tinasintha: Prestik, chomatira chofewa ngati chingamu, paketi imodzi R22, timipira takuda ndi inki ndi carbon, toyera ndi hydrogen, tofiira ndi oxygen. Izi zimamatuka n'kumatikanso kangati konse.

Atagwira mamolekyu awiriwo m'manja nkhani ya boiling point inalowa mosavuta. Wautali wowongoka uja ali ndi malo ambiri ogundana ndi mnzake, London forces zake ndi zamphamvu, amafuna kutentha kwambiri kuti awire. Wanthambi uja ndi wobulungira, malo ogundana ndi ochepa. Koma memo inatiphunzitsa china. Sikokwanira kunena kuti uyu amawira mochedwa. Amafuna masitepe: kapangidwe ka molekyu, mtundu ndi mphamvu ya intermolecular forces, kenako mphamvu yofunika kuti zigonjetsedwe. Ndipo mnyamata mmodzi ankalemba kuti ma bond amathyoka chinthu chikamawira. Mawu amenewo amapha yankho lonse, chifukwa zomwe zimagonjetsedwa ndi mphamvu za pakati pa mamolekyu, osati ma bond a mkati mwa molekyu.

Malikisi ena ankatayika pa zinthu zazing'ono zomvetsa chisoni. Kuiwala hydrogen imodzi pa structural formula. Kulemba 2 butanol m'malo mwa butan-2-ol. Kuiwala kuti pakati pa nambala ndi nambala pamakhala koma, pakati pa nambala ndi chilembo kamzere. Pa ester, kusokoneza dzina: ethanol ndi ethanoic acid zimapereka ethyl ethanoate, mbali ya alcohol ndiyo imayamba, ndipo sulphuric acid wamphamvu ndiye catalyst.

Apa ndi pomwe tinayambitsa kope la zolakwa. Aliyense ali ndi lake, R12 limodzi. Tsamba lagawidwa patatu: funso, zomwe ndinalemba, zomwe memo ikufuna. Loweruka lililonse tisanayambe chatsopano, mphindi khumi ndi zisanu ndi za kopeli. Pa zonse zomwe zili m'bokosi, ichi ndiye chotchipa kwambiri ndipo ndikuona kuti ndicho chikusuntha malikisi.

10 Ogasiti

Liwiro la reaction tinaliyesa kukhitchini ndi mapiritsi aja otulutsa thovu m'madzi, chubu chimodzi R45. Lathunthu m'madzi a pampopi linatha m'masekondi 96, m'madzi ofunda 41, lophwanya m'madzi a pampopi 28. Ulendo woyamba manambala anasokonekera chifukwa matambula anali osiyana kukula ndipo madzi sitinayeze. Tinabwereza ndi kapu imodzi yoyezera. Kulakwitsako kunathandiza, chifukwa pepala limakonda kufunsa kuti controlled variable ndi chiyani, ndipo tsopano akudziwa chifukwa chake amafunsa.

Ndimafotokoza m'Chichewa, iwo amayankha m'Chingerezi. Ndinawauza kuti aganize za anthu pa Park Station m'mawa: akachuluka amagundana kwambiri, akamathamanga amagundana mwamphamvu. Anamva. Koma polemba ankathera pa "particles move faster", ndipo memo imafuna anene kuti tinthu tambiri tili ndi mphamvu yofika pa activation energy, ndiye kugundana kopindulitsa kumachuluka pa sekondi iliyonse. Mawu oti "per unit time" akasowa, chongi yapita. Chichewa chimatsegula mutu, koma cholembera chiyenera kutulutsa mawu a mu Guidelines. Tapanga makadi 40 kuchokera ku makatoni a phala, kutsogolo liwu, kumbuyo tanthauzo lake ndendende. Mtsikana amawerenga m'takisi.

24 Ogasiti

Equilibrium yativuta kuposa zonse mpaka pano, ndipo pafupifupi sabata yathunthu tinkasaka vuto pamalo olakwika. Mtsikana ankakonza tebulo lake bwino, ma mole oyambira, osintha, otsala, n'kugawa ndi volume, koma Kc, equilibrium constant yomwe funso limafuna, imatuluka zero kapena nambala yachilendo. Ndinkaganiza kuti sakumvetsa njira. Nditatenga kakyuleta yake, Casio fx-82ZA Plus, n'kulemba 0,04 inaonetsa 0,0. Wina anaiika pa Fix 1, ndiye inkadula chilichonse n'kusiya nambala imodzi pambuyo pa koma, iye n'kumakopera zomwe akuona. Shift, 9, 3, kenako chizindikiro cha equals, yabwerera mwakale. Akuti yakhala choncho kuyambira Epulo. Ndinakhala chete kanthawi poganiza malikisi omwe anataya pa mayeso a Juni chifukwa cha batani limodzi. Onani makakyuleta a ana anu.

Zina zomwe zalowa m'kope la zolakwa sabata ino: zolimba ndi zamadzi zosasakaniza sizilowa mu Kc, Kc imasintha ndi kutentha kokha, osati pressure, concentration kapena catalyst, cm³ igawidwe ndi 1 000 isanalowe m'sumu iliyonse. Ineyo ndinazolowera kulemba 0.34 ngati kumudzi, kuno amalemba 0,34, ndipo ndasintha dzanja langa kuti ndisawasokoneze.

Mnyamata mmodzi anabwera ndi uthenga wa pa WhatsApp, munthu akugulitsa "pepala lenileni" la Novembala R250. Ndinamuuza afufute pomwepo. Mu 2020 pepala lomweli la Physical Sciences Paper 2 linabedwa pamodzi ndi Mathematics Paper 2, nduna ya maphunziro ya nthawiyo Angie Motshekga analengeza kuti onse alembenso, mpaka khoti la ku Pretoria linaletsa kulembanso kuja mu Disembala. Ana osalakwa anakhala masabata mitima ili m'mwamba. Ife ndife alendo m'dziko muno, mwana wathu akagwidwa ndi zotere palibe amene angamuyankhulire.

7 Seputembala

Ma acid tinawayamba ndi kabichi wofiira, theka R18. Tinawiritsa masamba, madzi anatuluka a mtundu wa papo. Mu viniga anafiira, mu soda wophikira therere anapita kobiriwira. Zinakongola, koma ndinene zoona, pa malikisi zathandiza pang'ono. Funso 7 ndi masamu. Chenjezo limodzi lomwe ndinalinena katatu: Jik asakumane ndi viniga, zimatulutsa mpweya wa chlorine womwe ndi poizoni.

Pa titration onse atatu ankagwa pamalo amodzi, kuiwala kuti sulphuric acid imodzi imadya sodium hydroxide ziwiri, ndipo pofuna pH ya sulphuric acid, concentration ya H3O+ ndi kawiri. Pano lamulo ndi loti asanakhudze kakyuleta alembe equation yolinganizidwa n'kuzinga manambala a kutsogolo. Mayeso oyeserera a prelim ali mkati, choncho Loweruka likubwerali sitikumana.

28 Seputembala

Zotsatira za prelim, pa 100: mtsikana 51, anyamata 47 ndi 58. Mayi ake anaphika mpunga ndi nkhuku. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Koma nditaona pepala lake, funso 8 ndi 9 anapeza malikisi 6 okha, ndiye masabata awiri akubwerawa ndi a ma cell.

Gwero la vuto ndi data sheet, mapepala a ma formula ndi matebulo omwe amapatsidwa m'chipinda cha mayeso. Mtsikana anali asanawagwiritsepo ntchito bwinobwino, ankayesa kuloweza zomwe zalembedwa kale pamenepo. Pali Table 4A ndi 4B, za standard reduction potentials. Ndi tebulo limodzi lotembenuzidwa: 4A imayamba ndi fluorine pa +2,87 V, 4B imayamba ndi lithium pa −3,05 V. Iye ankadumpha uku ndi uku n'kusochera. Tagwirizana kuti wake ndi 4B basi, winayo asamuyang'ane. Kope loyamba la data sheet linanyowa ndi tiyi, ndiye ndamatitsa atatu m'pulasitiki, R15 lililonse, kuti azilembapo ndi peni ya bolodi n'kufufuta.

5 Okutobala

Apa ntchito yanga ya magetsi yagwira. Ndinabwera ndi multimeter ya kuntchito, waya wa kopa wosenda ndi misomali ya malata yokutidwa ndi zinc. Tinayamba ndi ndimu: kopa mbali iyi, msomali mbali iyo, mita inawerenga pafupifupi 0,9 V. Kenako ndinagula copper sulphate, ufa wabuluu uja, kushopu ya za m'munda, R52. Ndi poizoni, tinagwiritsa ntchito mabotolo omwe sadzabwereranso kukhitchini ndipo ndautsekera m'bokosi langa la zida.

Choyamba tinaponya msomali wachitsulo wokwecha m'madzi abuluuwo. Pasanathe mphindi zochepa unavala chikhoto chofiirira cha kopa. Ndinati apeze pa 4B chifukwa chake. Iron ili pa −0,44 V, kopa pa +0,34 V, ndiye iron ndiyo imataya ma electron. Mnyamata wamalikisi 47 uja ndiye anayamba kupeza, ndipo nkhope yake sindidzaiwala.

Kenako cell yeniyeni ya mabotolo awiri: kopa mu copper sulphate, kachidutswa ka lata m'madzi amchere. Mita inawerenga zero. Ndinayang'ana mawaya, ndinasintha batire la mita, palibe. Mtsikana ndiye anati, "Amalume, salt bridge." Ndinali nditaiwala ineyo. Tinapinda tishu, n'kuinyika m'madzi amchere, n'kuigoneka pakati pa mabotolo, mita inakwera kufika pafupifupi 1 V. Kuichotsa, zero. Kuibwezera, yabwerera. Anachita zimenezi mwina kakhumi. Buku limati zinc ndi kopa zimapereka 1,10 V, kuchokera pa 0,34 kuchotsa −0,76, ndipo yathu sinafike ndendende chifukwa si pa standard conditions, 1 mol·dm⁻³ ndi 25 °C, ndiponso mbali ya zinc munalibe mchere wa zinc. Titasinthanitsa mawaya a mita nambala inabwera ndi minus, ndipo nkhani ya anode ndi cathode inathera pomwepo.

Electrolytic cell sitinaimange. Madzi amchere ndi batire zimatulutsa chlorine, ndipo chipinda chathu chili ndi windo limodzi. Tajambula pabolodi n'kupanga ma funso 9 onse anayi omwe tinadula. Chomwe chikuwazunguza ndi chakuti anode ndi negative mu galvanic koma positive mu electrolytic. Ndawauza agwire chimodzi chosasintha, oxidation imachitika pa anode nthawi zonse, zizindikiro azipeze pambuyo.

19 Okutobala

Pepala lathunthu la 2022, maola atatu, foni zonse kwa mlongo wanga, ana aang'ono anapita kwa aneba. Mtsikana sanamalize. Anakhala mphindi 40 pa funso 1 n'kusiya funso 9 osakhudza. Masamu ake ndi osavuta: malikisi 150 pa mphindi 180, ndiye funso la malikisi 20 lisadutse mphindi 24. Ndagula wotchi yapakhoma R60, ndipo tsopano asanayambe amalemba pambali pa funso lililonse nthawi yomwe ayenera kuchokapo. Komanso aziyamba ndi organic, komwe dzanja lake lili lopepuka, funso 1 alibwerere pambuyo.

Memo yationetsanso kuti formula yokopedwa bwino pa data sheet ndi manambala olowetsedwa moyenera zili ndi malikisi ake ngakhale yankho lotsiriza litalakwika, ndipo yankho lopanda unit limataya chongi. Mnyamata mmodzi ankachita zonse m'kakyuleta n'kulemba yankho lokha. Wasiya.

Ndalama zomwe zatuluka mpaka lero ndi R769, kuphatikizapo R75 ya penti yotayika. Zotsala tagulira mapeni, mabatire a makakyuleta atatu, ndipo zina ndasungira takisi ya masiku a mayeso.

2 Novembala

Pepala la 2023, lomaliza lomwe tinasunga. Mtsikana wamaliza kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri ndipo wapeza 92 pa 150. Anyamata 81 ndi 99. Ndachonga mouma, pomwe ndinakayika sindinapereke. Funso 8 wapeza pafupifupi onse. Funso 7 likadali bala: akapatsidwa acid wochuluka kuposa base n'kufunsidwa pH ya zotsala, amapeza ma mole otsala bwinobwino koma amagawa ndi volume ya acid yokha m'malo mwa volume ya zonse ziwiri pamodzi. Cholakwa chimenechi chalembedwa katatu m'kope lake, pa 7 Seputembala, pa 19 Okutobala ndi lero.

M'bokosi tsopano muli mafayilo asanu ndi awiri a mafunso odula, ma memo, Guidelines, ma data sheet atatu omata, makadi 52, Prestik ndi machesi, ndi foni ya mabuku. Ma memo a 2019 asowa masamba awiri, ndikasindikiza Lolemba pochokera kuntchito. Mayi wina wa ku Mayfair yemwe mwana wake ali mu Grade 11 wafunsa kale za bokosili, ndamuuza adikire pepala lilembedwe. Mawa tikaweruka kutchalitchi tikhala pa ma funso 7 okha, a 2021 ndi 2022, ndipo ndamuuza mtsikana kuti asanalembe chilichonse ajambule mabotolo awiri akuthiridwa m'limodzi.